Mzati Wamagetsi M'munda mwa Amayi

Mwamuna wanga woyamba anali wokumba maenje. Iye mwini sankalola kuti ntchito yake izitchulidwa choncho, ankati ndi munthu wa magetsi, koma ine amene ndinkachapa kabudula wake ndinkadziwa kuti dothi lofiira lotuluka m'madzimo linali la m'maenje. Iye ndi anzake ankakumba, n'kuimika mizati ya bulugamu yopakidwa phula, mzungu wina wamfupi n'kubwera pambuyo kudzamanga mawaya. Patapita nthawi anamuphunzitsa kukwera mzati ndi kusintha lampada, babu la magetsi lija, ikapsa, ndipo kuyambira tsiku limenelo mapewa ake sanatsikenso.

Tinakwatirana ku tchalitchi cha ku Fonte Boa, kumene ndinaphunzira mpaka kalasi yachitatu. Kwawo kunali cha ku Lifidzi, ndiye anabwera kudzakhala kwathu ngati mkamwini. Mudzi wathu unali pafupi ndi vila, katauni ka azungu, kutsidya kwa kadambo. Ukaima pa nkhokwe ya amayi unkaona madenga a malata, makantina, nyumba ya shefu, mzungu amene ankalamula dera lonse, ndi kanyumba ka motolo yopanga magetsi, imene inkayamba kugunda dzuwa likangolowa. Ndili mwana vila inali kamzere kamodzi ka nyumba. Pomwe ndinkakwatiwa inali itakwawa kufika m'mphepete mwa dambo, ndipo chaka chilichonse inkadya munda wa wina.

Ndinene kuti poyamba ndinamukonda, wina angaganize kuti ndinakwatiwa chomangidwa. Anali ndi nsapato, Chipwitikizi chake chinkaposa changa, ndipo Lamulungu lina titatuluka mu misa anandiperekeza ulendo wonse akundifotokozera mmene moto umayendera m'waya osaupsereza. Anyamata ena ankangodziwa kukamba za ng'ombe. Iye ankakamba za Beira ndi Tete, mizinda imene anali asanaiponde, ngati kuti mchombo wake unagwera kumeneko.

Amayi anga anali amasiye, ndipo munda umene tinkalima unali wawo, wochokera kwa amayi awo. Unkayambira kuseri kwa nyumba n'kutsetsereka mpaka kudambo: kumtunda chimanga ndi nyemba, kumunsi kachewere, m'malire mitengo ya mapichesi imene anabzala malemu bambo. Sindinganame kuti amayi anali munthu wofatsa. Anali ndi pakamwa, ndipo mkamwini wawoyu sanamukonde chiyambire. Ankati mwamuna wodzuka m'mawa n'kusiya khasu pakhomo kupita kukakumbira mzungu ndi mlendo chabe, wongobwera kudzadya. Nayenso sanawakonde. Ankati ndi nkhalamba yoti ikanatha ikanamangirira dzuwa pamtengo kuti zinthu zisasinthe.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi salankhulana maso ndi maso. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo ngati pali mawu amadzera mwa munthu. Anthu amati umenewo ndi ulemu. Pakhomo pathu ulemuwo unandisandutsa ine mtengatenga wa chipongwe. Amayi ankaima pakhonde pawo n'kundiuza mokweza, iye ali pomwepo akunola chikwanje, kuti ndikafunse bambo a kunyumba kwanga ngati magetsi amapalira. Iye ankandiuza, mokwezanso, kuti ndikawauze apongozi ake kuti mchere umene adya lerowo sunamere m'munda. Ine ndinkangoyenda pakati, mawu ndikuwapungula m'njira, koma kupungulako kunalibe ntchito chifukwa onse anali atamva kale.

Chaka chimene anthu ankanena kuti azungu aponda mwezi, iye anabwera ndi pepala long'ambidwa m'buku la zithunzi, lomwe anamupatsa mzungu wamfupi uja. Linali lakuda lonse, koma linali ndi timadontho toyera, tothithikana pakati, tomwazika m'mbali, tina titandanda m'mizere ngati nyerere zopita kudzenje. Anati umenewo ndi mzinda usiku, wojambulidwa kuchokera kumwamba. Mzunguyo anamuuza kuti anthu amene amazungulira dziko m'chombo, kutali kuposa kumene ndege imafika, akayang'ana pansi kukada saona phiri, mtsinje kapena munda. Amangoona magetsi. Pamene pali kuwala amadziwa kuti pali anthu, ndipo chaka ndi chaka kuwalako kumakula, mzinda uwu n'kumakakumana ndi winawo.

Kunena zoona pepalalo linandikoka mtima tsiku loyamba. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali, ndikuganiza kuti pansi pa kadontho kalikonse pali mayi amene akutsuka mbale. Koma iye sanalibweretse kuti tilisirire limodzi. Analikhomera pakhoma ndi minga ya mthethe, kenaka anaika chala pamalo akuda m'mphepete.

“Inu muli apa,” anatero. “Inu, amayi anu, amalume anu, nkhokwe zanu. Wakumwamba akayang'ana amati palibe munthu.”

Ndinamufunsa kuti nanga iye ali pati, popeza tonse timagona pamphasa imodzi. Anati iye ndi wongodutsa.

Mawa lake iye ali kuntchito amayi analowa kudzapala moto, naliona pepalalo. Anayandikira, anatsinzina diso limodzi, n'kufunsa kuti n'chiyani. Nditawafotokozera anati iwo akuona ngati msana wa mwana wodwala chikuku. Anati ndikamuuze mkamwini kuti amene amaona anthu kuchokera kumwamba ndi Mulungu ndi mphamba, ndipo pa awiriwo mzungu wakeyo si Mulungu. Mawu amenewo sindinawapereke. Anawapereka okha madzulo, akunamizira kulankhula ndi nkhuku.

Nkhondo itayandikira, asilikali achipwitikizi, amene tinkawatcha atropa, anachuluka m'vila, ndipo pambuyo pawo panabwera alembi, amakanika ndi akazi awo. Onsewo ankafuna nyumba. Tsiku lina m'nyengo yachisanu, titakolola kale, kandege kakang'ono kanazungulira pamwamba pathu m'mawa wonse, kupita, kubwera, ngati munthu wolima mizere. Sipanapite nthawi tinaona anthu akukhoma zikhomo zopakidwa njereza kutsidya lino la dambo. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anavala kazako wawo, jekete lopita nalo ku misa, n'kupita kukafunsa. Anauzidwa kuti pachithunzi chimene kandege kanajambula malo athuwo akuoneka thengo. Mapesi anali atagwa pansi, udzu utauma, ndiye kuchokera kumwamba panalibe chosonyeza munda. Amalume anati anayesa kunena za mapichesi, womasulira n'kuwayankha kuti mitengo imamera ndi m'thengo momwe.

Mzere wa mizati unayenera kuwoloka dambo, ndipo gulu lotumidwa kukumba linali la mwamuna wanga. Nditamva ndinamupempha kuti anamizire kudwala, kapena apemphe kapitawo amutumize kwina, kuti dzenje la m'munda mwa apongozi ake likumbidwe ndi dzanja lina. Sindinkapempha kuti aletse vila, ndinkadziwa kuti sangathe. Anandiyankha kuti ndikanakhala ndi nzeru ndikanasangalala, chifukwa magetsi akubwera okha pakhomo pamene ena amachita kuwalondola pa njinga. M'mawa anasenza pikareta yake yokumbira n'kutsetserekera kudimba.

Kachewere anali atachita maluwa. Anzake aja, ena a iwo ana a m'midzi yoyandikana nafe, anafika pamalire n'kuima, akuyang'anana. Iye ndiye anayamba kulowa, kuponda mizere, n'kumenya pikareta pamene panali chikhomo. Amayi anatenga mkeka n'kukakhala pamzere womaliza, atamufulatira monga mwa mwambo, n'kuyamba kulankhula ndi ine. Analankhula m'mawa wonse. Anatchula amayi ake a iye, agogo ake, ndi mudzi wa kwawo kumene ankati anthu amakazinga mbewu yobzala. Anati galu ukamupatsa pogona amakumba pansi pa nkhokwe. Anzakewo ankagwira ntchito mitu ili pansi. Iye ankaimba mluzu. Timbatata totuluka m'dzenjemo, ting'onoting'ono ngati mazira a njiwa, anatola n'kuika m'thumba la kabudula, madzulo n'kundipatsa kuti ndiphike. Ndinakataya kudzala.

Mvula isanagwe munda unali utatha. Anadula mapichesi, anasalaza mizere, anamanga nyumba za njerwa zofanana ngati ana amapasa, msewu n'kudutsa pamene panali chitsime chathu. Ife anatisiyira nyumba ndi kachigawo kosakwana kudyetsa mbuzi, natiuza kuti tikalime kuphiri, ulendo woti ukanyamuka tambala atalira umafika dzuwa litatentha. Dothi lake linali lamiyala. Ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba, ndipo ndinkakwera phirilo ndi amayi, iwo patsogolo akung'ung'udza, ine pambuyo ndikupuma pamwala uliwonse. Mwamuna wanga sanapondeko.

Sitinali tokha olandidwa. Mabanja ena a m'mudzimo anataya madimba, ndipo onse ankadziwa amene anamenya pikareta yoyamba. Kuchitsime chatsopano, chimene tinakumba kumtunda, akazi ankasiya kulankhula ndikafika. Wina anandifunsa ngati m'nyumba mwanga mwayaka kale, poti ndinagula magetsi ndi minda ya anthu. M'nyumba mwanga munali kandiyero yemweyo wachitini, wofuka utsi. Waya unkadutsa pamwamba pa denga lathu osatsika, chifukwa magetsiwo anali a msewu ndi a nyumba za njerwa. Nditamufunsa iye kuti nanga aja ankati akubwera okha pakhomo ali kuti, anati nyumba yaudzu saikamo magetsi, ndipo wolakwa ndi amene amakonda udzu.

Mzati womaliza wa mzerewo unaima pafupi ndi khola la amayi, ndipo pamwamba pake anaikapo lampada yaikulu yokhala ndi chipewa chachitsulo. Tsiku limene inayaka koyamba ana a mudzi wonse anabwera kudzavina pansi pake, iye ataima chapatali manja ali m'chiuno ngati wabereka. Koma kukoma kwake kunatha msanga. Kuwala kunkalowa m'ming'alu ya chitseko cha amayi n'kuwagwera kumaso. Tambala anasokonezeka, n'kumalira nthawi iliyonse. Kuseri kwa nyumba, kumene munthu wamkazi ankasamba madzulo mosaopa, kunakhala poyera. Ndipo atropa anapeza pokhala. Ankabwera ndi mabotolo a vinyu kuchokera ku kantina, kukhala pansi pa mzatiwo, kuitana mtsikana aliyense wodutsa ndi mtsuko. Akafuna kutaya madzi ankatayira pa mpanda wa khola.

Kenaka kunabwera lamulo loti kumidzi ndi kuminda moto usaoneke panja dzuwa likalowa. Asipayi, apolisi achikuda a shefu, anayenda khomo ndi khomo kunena kuti ndege ikaona moto m'phiri idzati ndi anyamata a m'tchire omenyana ndi Apwitikizi, ndipo sidzafunsa. Kumunda kwathu kwatsopano kunali nguluwe ndi anyani, ndipo anthu anazolowera kusonkha moto m'misasa polondera. Tsopano zinali zoletsedwa, ndipo chaka chimenecho nguluwe zinakolola tisanakolole ife. Tikatsika phiri mochedwa, chisisira chitagwa, ndinkaona vila pansi pathu, ndipo inkaonekadi ngati pepala la pakhoma lija: timadontho tothithikana, mzere umodzi utawoloka dambo, kadontho komaliza kali pakhomo pa amayi. Kuzungulira konseko kunali bii, ngakhale ndinkadziwa mudzi uliwonse umene unali mumdimamo, ndi anthu ake, atatseka zitseko akuphika chobisa, maso akulira ndi utsi. Moto tinali nawo, anachita kutiuza kuti tiubise.

Nditanena zimenezi kunyumba, mwamuna wanga anati ndayamba kulankhula ngati anthu aja amatengedwa pa jipi osabwerera. Sindikudziwa ngati ankandichenjeza kapena ankandiopseza. Masiku amenewo mawu abwino anali atasowa pakati pathu. Mwana atabadwa, wamkazi, ndinkayesa kuti mwina zinthu zifewa. Iye anamunyamula kamodzi, napita naye pansi pa mzati madzulo kuti, mwa mawu ake, ayambe kuona kuwala asanazolowere utsi. Mwanayo anali asanatuluke m'chikuta, mchombo usanagwe. Amayi anatuluka ndi mthiko m'manja, ndipo tsiku limenelo kunatsala pang'ono kuti mwambo wofulatirana uthere pomwepo.

Chimene chinatsiriza zonse chinachitika tsiku lina motolo itangoyamba kugunda. Ndinkachokera kumadzi, mwana kumsana, mtsuko pamutu. Msilikali wina mwa okhala pamzati aja anaimirira n'kundigwira mkono, akuseka, akulankhula Chipwitikizi chofulumira chimene sindinachimve chonse. Pofuna kudzimasula mtsuko unagwa n'kusweka, madzi n'kumukhuthukira mwana, nayamba kulira. Anzake anamukoka munthuyo n'kumapita naye. Amayi anaona zonse ali pakhonde. Sanakuwe. Anadikira mpaka atropawo atakhota pa nyumba za njerwa, kenaka anatolera miyala m'nsalu yawo. Dzanja lawo linali litazolowera kugenda anyani kuphiri. Mwala woyamba unaphonya, wina unagunda chipewa chachitsulo chija n'kulira ngati belu, kenaka tinamva galasi likuwazika pansi. Mdima unabwerera pakhomo ngati mwini wake. Ana amene anali pafupi anathawa. Amayi anasasa m'manja, nandiuza kuti ndimusinthe mwana nsalu.

Ikanakhala nthawi ya mtendere, ikanakhala nkhani ya lampada basi. Koma masiku amenewo chilichonse chothyoka chinali ntchito ya anyamata a m'tchire. M'mawa asipayi anabwera kudzatenga mwamuna wanga, chifukwa mzere umenewo ndiye ankauyang'anira, ndiponso ankagona pafupi nawo. Ankafuna kudziwa amene akuzimitsa magetsi kuti adani alowe mumdima. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo mudzi wonse unati sunaone. Asipayiwo anamumenya mwamuna wanga m'manja ndi mbalamatodya, chithabwa chija chokhala ndi mabowo, mpaka zikhatho zinatupa ngati zitumbuwa. Pamenepo anatchula apongozi ake.

Kwa zaka zambiri anthu akhala akundiuza kuti aliyense akanatchula, kuti mbalamatodya ilibe mwamuna. Zimenezo ndimavomera. Chimene sindinavomere ndi zimene anaonjezera osafunsidwa. Sipayi wina, amene mkazi wake tinkapemphera naye, anatiuza kuti atatchula dzina anapitiriza. Anati nkhalambayo imadana ndi boma, imatukwana shefu, ndipo kumunda kwake kuphiri iye sadziwa amene imakumana nawo. Mawu otsirizawo akanatha kuwaphetsa amayi. Iye ankadziwa bwino lomwe kuti kuphiri ankakumana ndi anyani.

Amayi anawatenga masana omwewo. Amalume anathamanga pa njinga kukagwada kwa apadiri, ansembe a ku tchalitchi kwathu, ndipo apadiriwo anabwera kudzalankhula ndi shefu, kunena kuti mayiyu amamudziwa, ndi wapakamwa chabe. N'chifukwa chake sanakwezedwe jipi. M'malo mwake anawalamula kusesa ndi kuzula udzu mumsewu watsopano uja, tsiku ndi tsiku, sipayi ali pambuyo, mpaka mvula itatha. Msewuwo unali pamunda pawo pomwe. Ndinkawapititsira chakudya masana n'kuwapeza atawerama patsogolo pa nyumba za njerwa, akazi a alembi atakhala pakhonde akuwayang'ana. Kachewere wina ankamerabe yekha m'mphepete mwa ngalande, ndipo ankawauza kuti azule ndi ameneyo. Tsiku lina anandiuza, osakweza mutu, kuti pamene aimapo ndi pamene ankandigoneka ndili khanda, iwo akupalira.

Kunyumba kunali iye, manja atawaimika m'mwamba ngati wopempha, osatha kugwira ngakhale chikho. Ndinkamudyetsa ndine, kumusambitsa ndine, kumuthowa ndi madzi ofunda amchere ndine. Zonsezo ndinkachita osalankhula. Iye ankafuna ndimumvere chisoni, ankandionetsa zikhathozo n'kumati ndione zimene amayi anga amuchita. Tsiku lina ndikumuthowa ndinamufunsa za mawu a kuphiri aja. Poyamba anakana. Kenaka anati ankafuna kuti amusiye msanga. Kenaka anakwiya.

“Akanawatenga ndithu, mwina pakhomo pano pakanapumako,” anatero.

Ndinaika kansalu m'mbale, ndinatenga mwana, n'kusamukira m'nyumba ya amayi. Pepala lija ndinalisiya pakhoma. Sindinafune kukhudza chilichonse chake.

Ankhoswe anakumana manja ake atapola, amayi atamaliza chilango chawo. Akwawo anabwera kuchokera ku Lifidzi ndi nkhuku yopepesera, amalume n'kuikana. Katekisita anatikumbutsa kuti ukwati wa pa guwa sutha, amalume n'kumuyankha kuti ukwatiwo ukhale, koma munthuyo achoke. Akwawo anayesa kunena za kupweteka kwa mbalamatodya, ndipo palibe anawatsutsa. Atafunsidwa za mawu a kuphiri anayang'ana pansi. Pa bwalo limenelo amayi anachita chimene anali asanachitepo. Anatembenuka pamkeka wawo n'kumuyang'ana mkamwini kumaso, anthu onse akuona.

“Ndakuonani tsopano,” anatero. “Zaka zonsezi ndimayesa ndikufulatira munthu.”

Iye anadzuka pabwalopo. Ntchito ya magetsi inali itamuthera kale, chifukwa mzungu wamfupi uja sanafunenso munthu amene dzina lake linamveka kwa shefu. Anakulunga zofunda ndi nsapato zake n'kutuluka m'mudzi popanda womuperekeza. Tinamva kuti anadutsa malire pa Kalomwe nakwera lole yopita ku Lilongwe, kumene Amalawi ankagwetsa nkhalango kumanga likulu latsopano, ndipo ankafuna aliyense wodziwa kukwera mzati. Pamzati wathu paja munthu wina anaikapo lampada ina, yotchingidwa ndi waya, ndipo inayakabe pakhomo pathu mpaka azungu anachoka.

Munthu angaganize kuti iye atachoka ine ndi amayi tinakhala mwamtendere. Sizinatero. Mkwiyo umene unkadutsa mwa ine kupita kwa iye unasowa kolowera, n'kuima pa ine. Ndine ndinamubweretsa, ndine ndinasankha munthu poyang'ana nsapato. Mwana akalira ankati ndi magazi a kwa atate ake. Nanenso ndinali ndi changa mumtima. Mwala uja anauponya chifukwa cha ine, inde, koma sanandifunse, ndipo unandisiya wopanda mwamuna ndili mtsikana, womangidwa ndi ukwati umene apadiri sakanaumasula. Tsiku lina kuphiri ndinawauza zimenezo. Anaweramuka, anandiyang'ana, n'kundifunsa ngati ndikanakonda kuti msilikali uja andikokere kuseri kwa khola. Tinapalira tsiku lonse, wina kuyambira uku wina uko, mizere yathu osakumana.

Nkhondo itatha azungu anayamba kulongedza. Malole ankatuluka m'vila atadzaza mipando ndi mabedi, nyumba za njerwa zija n'kutsala zotseka. Amayi anayesa kuti nthawi yawo yafika. Mbendera itasintha anavala nsalu yawo yabwino n'kupita ku msonkhano, naimirira pakati pa amuna kunena kuti akufuna munda wawo. Mnyamata amene ankatsogolera, wa mfuti paphewa, anawalankhula mwaulemu, anawatcha mayi. Anati nyumbazo tsopano ndi za anthu, mudzalowa aphunzitsi ndi anamwino, ndipo vila iyenera kukula kuposa pamenepa, magetsi afike mudzi uliwonse. Anthu anaomba m'manja. Amayi anafunsa ngati iwo si anthu. Anthu anaombanso m'manja, poyesa kuti ndi nthabwala. Tikubwerera kunyumba sanalankhule kanthu, ndipo imeneyo inali nthawi yokhayo imene kukhala chete kwawo kunandiopsa kuposa pakamwa pawo.

Mwamuna wanga uja anabwera kamodzi, patapita miyezi, atavala suti yotuwa, atanenepa m'khosi. Sanalowe m'mudzi. Anaima pamsewu n'kutumiza mawu kuti akundifuna. Ndinapita chifukwa ndinkafuna kuona. Anati ku Lilongwe ali ndi nyumba ya zipinda, yamagetsi ndi mpopi, kuti mzindawo ukukula ngati moto wa lupsa, ndipo akufuna kutenga mwana wake akaphunzire kumeneko. Za ine sananene, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti m'nyumbamo munali kale mkazi wina. Ndinamuuza kuti mwana ali ndi eni ake, akafunse amalume. Anati yankho la amalume akulidziwa. Ndinati ndiye wadziwa ndi langa lomwe.

Mwanayo anali atanditsatira, akusuzumira kuseri kwa nsalu yanga. Iye anamutambasulira paketi ya mabisiketi, akumuitana, mwana osasuntha. Anaiika pamwala n'kutembenuka kulowera kumene kumaima malole. Ndinkafuna kuisiya pomwepo, koma mwana anali ataitola kale, ataikumbatira pachifuwa. Kunyumba amayi anafunsa kumene yachokera, ndipo ndinati kwa apadiri. Anatenga limodzi, analiviika m'madzi otentha chifukwa mano anali atatha, anatafuna pang'onopang'ono, n'kunena kuti apadiri masiku ano ayamba kuumira, akupatsa ana zinthu zouma.